PHAZI NALO LIMAPHUNZIRA

Munthu akaima pa msika wa Zomba m'mamaŵa ndi kukweza maso, amaona phiri lalikulu litaima kuseri kwa mzindawo ngati khoma. Nsonga yake yaitali koposa, yotchedwa Malumbe, ndi yotalika mamita oposa 2,000 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere. Pamwamba pa phirilo pali nkhalango za paini, mathithi ndiponso damu la Mulunguzi, limene limapatsa madzi anthu a mu mzindawo. Galimoto zimakwera phirili podzera msewu wokhotakhota, koma anthu oyenda pansi ali ndi njira yawo yachidule imene Azungu adaitcha Potato Path, chifukwa alimi ankatsitsira mbatatesi zawo m'njira imeneyo popita ku msika. Kuyambira kalekale mapazi ambiri akhala akukwera ndi kutsika m'njiramo, ena ovala nsapato, ena osavala kanthu.

M'munsi mwa phiri limeneli mudafika mnyamata wina wa zaka 11 kudzakhala ndi agogo ake. Iye adabadwira mu mzinda wa Blantyre, ndipo chibadwire sadayendepo panja wopanda nsapato. Bambo ake adali atapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, ndipo mayi ake adatsala ndi ana ena aŵiri aang'ono. Motero banjalo lidagwirizana kuti iye akapitirize Sitandade 5 ku Zomba. Adafika mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, atanyamula chikwama cha zovala ndi nsapato zakuda za ku sukulu zimene bambo ake adamgulira asanachoke.

Nsapatozo ankazikonda koposa chinthu china chilichonse. Madzulo alionse ankazipukuta matope, nazipaka polishi mpaka zitaŵala. Pa sukulu yake yatsopano ana ena ankavala nsapato, ena patapata, ndipo ena ankabwera opanda kanthu ku mapazi. M'kalasi adamkhazika pamodzi ndi mnyamata wina wochokera m'mbali mwa phiri, amene makolo ake ankagulitsa zipatso kwa alendo okwera phirilo. Mapazi a mnyamata ameneyu adali otambalala, ndipo zala zake zidali zotayana.

"Mapazi akowo ali ngati makasu," adatero mnyamata wa ku Blantyre uja tsiku lina, ana ena naseka.

Mnzakeyo sadakwiye. Adangoyang'ana mapazi ake nati, "Makasu omweŵa ndiwo amandifikitsa pamwamba pa phiri."

Koma phazi la mwana silidikira nsapato. Pofika mwezi wa Epulo nsapato zija zidayamba kumthina. Poyamba ankavula sokosi kuti phazi lipeze malo. Pambuyo pake adayamba kupinda zala poyenda. Ululu udakula, koma iye sadauze munthu, pakuti ankadziŵa kuti pakhomopo padalibe ndalama zogulira zina. Tsiku lina agogo ake aakazi, amene iye adali ataphunzira kuwatchula kuti anganga monga amachitira anthu ambiri a ku Zomba, adamuona akuloŵa pabwalo.

"Kodi iwe, ukutsimphina chifukwa chiyani?" adafunsa.

"Palibe, Anganga."

"Khala apa, vula nsapatozo ndione."

Atavula, anganga adagwira pakamwa. Ku zidendene zonse ziŵiri kudali matuza, ena ataphulika kale. Chala chachikulu chidali chitapindikira kwa zinzake, ndipo chikhadabo chake chidali chitada. Anganga adatenthetsa madzi, nathiramo mchere, nasambitsa mapaziwo. Atatha adanyamula nsapato zija nakaziika pamwamba pa kabati.

"Izi zatha ntchito yake," adatero. "Udikira mpaka bambo ako atatumiza ndalama."

"Ndiye kuti ku sukulu sindipitanso," adayankha mnyamatayo misozi ili m'maso. "Onse aja ndinkawaseka adzandiseka ine."

Agogo ake aamuna, amene adagwira ntchito yobzala ndi kusamala mitengo pa phiripo zaka zambiri, adali phee kumvetsera ali pa mpando wawo wa ndalema. "Mdzukulu wanga," adatero, "ku sukulu amaphunzira ndi mutu. Mayeso ali pafupi. Kodi ubwereze kalasi chifukwa cha chikopa cha ng'ombe?"

Mnyamatayo adakhala pakhomo masiku aŵiri. Tsiku lachitatu madzulo kudabwera mlendo, ndiye mnzake wa mapazi otambalala uja, atanyamula makope ake kuti iye akopere zimene adaphunzira. Za makasu sadatchuleko. Mnyamata wa ku Blantyre adachita manyazi kwambiri, ndipo manyaziwo adamuganizitsa chinthu chopusa. Adafuna kuonetsa kuti nayenso ndi mwamuna. Adauza mnzakeyo kuti Loŵeruka akwere naye phiri, ndipo iye adzayenda wopanda nsapato kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Loŵeruka adalaŵirira osatsanzika munthu. Poyamba zinthu zidayenda bwino, chifukwa dothi lidali lozizira ndi lofeŵa. Koma njira itayamba kukwera, timiyala tidayamba kumlasa ngati minga. Iye ankaponda monga adazoloŵera ndi nsapato, kutaya mwendo patali ndi kumenya chidendene pansi mwamphamvu. Adapunthwa pa muzu, chala nichikha magazi. Matuza aja adatsegukanso. Asanafike ndi pakati pomwe, adakhala pansi nayamba kulira. Mnzake uja adambereka kumsana, natsika naye pang'onopang'ono, kupumira m'njira, mpaka adafika pakhomo dzuŵa lili paliwombo. Kwa masiku atatu akatumba ake adali ouma gwa, ndipo sankatha kuponda pansi osabuula.

Agogo sadamkalipire. Adadikira mpaka zilonda zitapola, ndipo madzulo ena adamuitana kuti akhale nawo pa khonde.

"Safunsa adadya phula," adayamba motero. "Ukadandifunsa, ndikadakuuza kuti phazi nalo limaphunzira monga mutu. Kodi iwe udayamba kuŵerenga buku lonse tsiku limene udayamba Sitandade 1? Mapazi ako akhala otsekeredwa zaka 11. Khungu lake ndi lanthete, minofu yake ndi yaulesi, chifukwa ntchito yonse inkagwira ndi nsapato. Tsono iwe udafuna kuti alembe mayeso asanaloŵe m'kalasi."

Kenaka adamsimbira za agogo awo. Adamkumbutsa za chipilala chachitali cha njerwa chimene chili kufupi ndi Cobbe Barracks, chokumbukira asilikali a gulu la King's African Rifles. Gulu limeneli lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo Zomba adali mudzi wa asilikali ake a dziko lino, limene pa nthaŵiyo linkatchedwa Nyasaland. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, asilikali ambiri achikuda ankayenda opanda jombo. Pambuyo pawo pankadza anthu a mtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, kuyenda mitunda yaitali tsiku ndi tsiku.

"Agogo anga adali mmodzi wa amtengatengawo," adatero. "Mapazi awo adali olimba chifukwa adayenda pansi kuyambira ali makanda. Komabe usaganize kuti sankavutika. Ankasimba za zilonda zosapola ndi za anzawo amene adatsala m'njira. Phazi lolimba ndi chuma, koma si chitsulo. Ngati ufuna kulimbitsa ako, ndikuphunzitsa, koma uchite zimene ndikuuze."

Maphunziro adayamba m'maŵa mwake. Sabata yoyamba mnyamatayo ankayenda wopanda nsapato pabwalo pokha, pamene anganga adasesa bwino, kanthaŵi pang'ono m'maŵa ndi kanthaŵi pang'ono madzulo. Sabata yachiŵiri adayamba kutsata agogo m'kanjira ka ku dimba. Pambuyo pake adamlola kuponda pa timiyala ta m'mphepete mwa msewu. Agogo ankayenda pambuyo pake namamuwongolera.

"Chepetsa mapazi, usataye mwendo patali. Usamenye chidendene pansi ngati ukukhoma msomali. Ika phazi mofatsa, monga achitira mphaka. Maso akhale patsogolo, aone munga phazi lisanauone."

Adamuuzanso kusiyana kwa kutopa ndi kuvulala. Akatumba akaŵaŵa pang'ono chifukwa cha ntchito yatsopano, palibe choopsa, amangofuna kupuma tsiku limodzi. Koma ululu ukakhala pa fupa, pamalo amodzi, munthu ayenera kuleka ndi kukaonetsa ku chipatala. Madzulo ankamseŵeretsa maseŵera otola timiyala ndi zala za kuphazi ndi kutiponya m'chitini. Tsiku loyamba sadatole ndi kamodzi komwe, koma itatha milungu itatu ankatola khumi osagwetsa. Asanagone, anganga ankaonetsetsa kuti wasamba mapazi ndi sopo, wapukuta pakati pa zala, ndipo wayang'ana ngati pali munga kapena bala. Ku zidendene ankampaka mafuta kuti kusachite ming'alu.

Nanga za ku sukulu? Agogo adagulitsa nkhuku imodzi, napita naye ku msika kwa mmisiri wosoka nsapato. Mmisiriyo adamuimika pa katoni namuuza kuti atambasule zala zake zonse. Adalemba mozungulira phazi lililonse ndi pensulo, nadula tayala lakale la galimoto motsata mzerewo, namangirira zingwe. Nsapato zotere zimatchedwa nkhwaila. Zidali zopyapyala, zathyathyathya, zopanda chidendene chokwera, ndipo zala zidali ndi malo okwanira. Zinkateteza phazi ku minga ndi magalasi, koma phazilo linkapindika ndi kugwira ntchito yake.

Lolemba adapita ku sukulu atavala nkhwailazo, mtima ukugunda. Ana ena adaseka ndithu, ndipo wina adafuula kuti galimoto yafika. Iye adaŵerama, nakumbukira mawu ake aja a makasu, ndipo adazindikira mmene kusekedwa kumaŵaŵira. Mnzake uja adamsunthira malo pa benchi. Pofika Lachitatu kudalibenso amene ankayang'ana mapazi ake.

Aphunzitsi awo adaona zonsezi, ndipo tsiku lina pa phunziro la sayansi adajambula phazi lalikulu pa bolodi. Adafotokoza kuti thupi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 206, ndipo phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mapazi aŵiri ali ndi mafupa 52, ndiye kuti pa mafupa anayi alionse a m'thupi, limodzi lili ku phazi. Mafupa ameneŵa adalumikizana mopindika ngati uta. Munthu akaponda, utawo umatambasuka pang'ono, ndipo akanyamula phazi umabwerera, numkankhira patsogolo. Minofu ya m'phazi ndiyo imathandiza kugwira uta umenewu, ndipo minofu imalimba ikamagwira ntchito. Nsapato yothina imapanikiza zala, ndipo mwana akaivala nthaŵi yaitali zalazo zikhoza kupindika.

Adawauzanso za akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America, otsogozedwa ndi Daniel Lieberman, amene adapita ku Kenya kukaona mmene anthu amathamangira. M'chaka cha 2010 adalengeza kuti ambiri mwa anthu ozoloŵera kuthamanga opanda nsapato amayamba kuponda ndi kutsogolo kapena pakati pa phazi, pamene ozoloŵera nsapato zokhuthala amayamba ndi chidendene. Kuponda ndi kutsogolo kumachepetsa kugunda kwadzidzidzi kumene thupi limamva phazi likafika pansi. M'chaka cha 2019 akatswiri omwewo adapezanso kuti khungu lokhuthala la kunsi kwa phazi limateteza phazilo popanda kuliletsa kumva chimene laponda.

"Ku Mexico," adapitiriza aphunzitsiwo, "kuli mtundu wa anthu otchedwa Tarahumara, okhala m'mapiri ndi m'zigwa zakuya. Iwo ndi otchuka pa kuthamanga mitunda yaitali, ndipo amavala nsapato zodula ku matayala akale, zofanana ndi nkhwaila zathuzi. Anthu ena a ku Ulaya ndi ku America atamva zimenezi adayamba kugula nsapato zopyapyala za mtengo wapatali, kuti aziyenda ngati sadavale kanthu. Koma ambiri amene adasintha mwadzidzidzi adatupa akatumba, ndipo ena adavulala mafupa a m'phazi. Amene adapindula ndi amene adasintha pang'onopang'ono."

Ana onse adatembenuka kuyang'ana nkhwaila zija. Mwini wake adamwetulira, koma m'mtima ankaganiza za Loŵeruka lija, ndipo adadziŵa kuti si iye yekha pa dziko lapansi amene adalakwa motero.

Tsono akadaganiza kuti nsapato zilibe ntchito, akadalakwanso kachiŵiri. Mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri, mnzake wa mapazi olimba uja adayamba kufooka. Ankasinza m'kalasi, ankadandaula m'mimba, ndipo pa mpira ankatopa msanga. M'zikope mwake mudayera. Mayi ake adapita naye ku chipatala, ndipo kumeneko adampeza ndi njoka za m'mimba zimene zidamchepetsa magazi. Adampatsa mankhwala opha njokazo ndi ena oonjezera magazi, ndipo adakhala kunyumba sabata yathunthu.

Sabata yomweyo aphunzitsi adaitana mlangizi wa zaumoyo kuti adzalankhule ndi ana. Mlangiziyo adafotokoza kuti pali mtundu wina wa njoka za m'mimba umene umaloŵera ku phazi. Munthu wodwala akachita chimbudzi patchire, mazira a njokazo amatsala m'dothi. M'dothi lonyoŵa ndi lofunda mazirawo amaswa tiana tosaoneka ndi maso. Wina akaponda pamenepo wopanda nsapato, tianato timaboola khungu, ngakhale la phazi lolimba, makamaka pakati pa zala. Timayenda ndi magazi mpaka m'mapapo, kenaka timafika m'matumbo, mmene timakula ndi kumayamwa magazi. Mwana wotere amafooka, sakula bwino, ndipo maphunziro amamvuta.

Adatchulanso matekenya, tizilombo tonga utitiri timene tidachokera ku South America ndi kufalikira mu Africa muno. Timakonda fumbi louma la m'makola ndi la m'nyumba zosazira. Thekenya lalikazi limaloŵa m'khungu, kaŵirikaŵiri m'mbali mwa chikhadabo, nilitupa ndi mazira mpaka kukula ngati nsawawa. Adachenjeza anawo kuti asamazule matekenya ndi minga kapena singano zakuda, chifukwa bala lotere likhoza kuloŵa tizilombo ta kafumbata, matenda oumitsa nsagwada amene amapha. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndoŵe, ndipo timaloŵa pa bala la msomali, la chitini kapena la munga. Potsiriza adati anawo akauze akuluakulu odwala matenda a shuga kuti iwo asamayende opanda nsapato mpang'ono pomwe, chifukwa mapazi awo amatha kuchita dzanzi, osamva kuti avulala, ndipo zilonda zawo zimachedwa kupola.

"Sindikunena kuti kuponda pansi ndi tchimo," adatero mlangiziyo. "Pabwalo losesedwa ndi pa bwalo la maseŵera losamalidwa mukhoza kuthamanga opanda nsapato. Koma popita ku chimbudzi, ku khola, ku dzala, ku msika, m'matope a m'mbali mwa nyumba ndi m'tchire, valani kanthu ku phazi, ngakhale patapata. Usiku musayende opanda nsapato, chifukwa njoka ndi zinkhanira simungazione. Ndipo aliyense agwiritse ntchito chimbudzi, kuti dothi lathu likhale laukhondo."

Poŵeruka, mnyamata wa ku Blantyre adatenga makope ake nakwera nawo kwa mnzake wodwalayo, monga momwe iye adamchitira kale. Adampeza atakhala padzuŵa, atafunda chitenje cha mayi ake. Adamfotokozera zonse zimene mlangizi adanena.

"Ine ndinkayesa mapazi anga saloŵa kanthu," adatero wodwalayo. "Minga imathyoka ndikaiponda."

"Zimene zidakuloŵazo ndi zazing'ono kuposa minga," adayankha mnzakeyo. Onse aŵiri adakhala chete kuyang'ana mapazi awo, ena ofeŵa amene adayamba kulimba, ena olimba amene adalephera kuteteza mwini wake.

Mayeso adafika mwezi wa Julaye, ndipo onse aŵiri adakhoza. Pa tchuthi, m'mwezi wa Ogasiti, agogo adati nthaŵi yakwana. Padali patapita miyezi itatu chiyambire maphunziro a mapazi aja. Adanyamuka atatu m'bandakucha, atatenga mbatata yootcha ndi botolo la madzi. Pamene njira idali ya miyala yakuthwa mnyamatayo ankavala nkhwaila zake. Pamene idali ya dothi losalala ndi masamba a paini ankazivula nazikoloŵeka m'khosi. Adadabwa kuona kuti zala zake zinkagwira nthaka pokwera, ndipo phazi linkadziŵa lokha mwala wogwedera ndi mwala wokhazikika. Adadutsa pa muzu umene udampunthwitsa, koma tsopano adauona ali patali naudumpha. Adapuma kanayi, pakuti agogo sankafuna liŵiro. "Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha," ankatero.

Atafika pamwamba adayendabe m'nkhalango mpaka pamalo otchedwa Emperor's View. Pamenepo mnyamatayo adasoŵa chonena. Pansi pawo padali mzinda wa Zomba, nyumba zake zili ngati mabokosi a machesi. Kutali kunkanyezimira nyanja ya Chilwa, ndipo kupitirira chigwa cha Phalombe kudali phiri la Mulanje. Agogo adafotokoza kuti malowo adatchedwa dzina limeneli chifukwa Haile Selassie, mfumu yaikulu ya dziko la Ethiopia, adaimapo pamene adadzacheza ku Malaŵi m'chaka cha 1965, iwo ali mwana wamng'ono.

"Mfumu imeneyo idali ndi msilikali wina woilondera, dzina lake Abebe Bikila," adatero agogo akusenda mbatata. "M'chaka cha 1960 adapita ku Rome, m'dziko la Italy, ku maseŵera a Olimpiki, kukapikisana pa liŵiro la makilomita 42. Nsapato zimene adali nazo sizidamkhale bwino, choncho adathamanga wopanda nsapato m'misewu ya mzindawo. Adatha mtunda wonsewo pa maola aŵiri ndi mphindi 15, napambana onse. Adali munthu wakuda woyamba wa mu Africa kulandira mendulo ya golide pa maseŵerawo."

"Ndiye kuti wopanda nsapato ndiye amapambana!" adatero mnyamata wa mapazi otambalala uja mokondwa.

"Dikira, nkhani sidathe," adayankha agogo. "Patapita zaka zinayi, m'chaka cha 1964, adapitanso ku Tokyo, m'dziko la Japan. Kumeneko adavala nsapato, napambananso, ndipo adathamanga msanga kuposa poyamba. Tsono ndiuzeni, chidampambanitsa ndi chiyani, nsapato kapena kusoŵa kwa nsapato?"

Anyamatawo adayang'anana. Patapita kanthaŵi mdzukulu wawo adayankha kuti, "Agogo, chidampambanitsa ndi mapazi amene adawaphunzitsa."

Agogo sadanene kanthu. Adangompatsa mbatata yaikulu koposa.

Kumapeto kwa mwezi womwewo bambo ake adatumiza ndalama zokonzekera Sitandade 6. Anganga adapita naye ku sitolo, ndipo wogulitsa adamuonetsa nsapato zosongoka kutsogolo, zoŵala ngati kalirole. Kale akadazilumphira, koma tsopano adapempha zina. Adasankha zotambalala kutsogolo, zopepuka, zopindika mosavuta ndi za chidendene chachifupi. Adaziyesa ataimirira, nagwedeza zala zake zonse m'katimo, ndipo anganga adakanikiza kunsonga ndi chala chawo chachikulu kuona ngati patsala malo okulira phazi. Nsapatozo zidali zotsika mtengo kuposa zosongoka zija, ndipo padatsala ndalama pang'ono.

"Anganga," adatero ali m'njira, "ndalama zatsalazi ndingapemphe kanthu?"

"Nena, mwanawe."

"Tidzere kwa mmisiri uja. Mnzanga uja alibe chovala popita ku khola ndi ku msika."

M'maŵa mwake anyamata aŵiriwo adapita ku msika. Mmisiri adaimika mnyamata wa m'mbali mwa phiri pa katoni, nalemba mozungulira mapazi ake otambalala, ndipo adachita kufuna chidutswa chachikulu cha tayala. Sukulu itatsegulira mwezi wa Sepitembala, aŵiriwo ankafika pamodzi, wina atavala nsapato zakuda, wina nkhwaila zatsopano. Belu la maseŵera likalira, onse ankavula, naziika pamodzi patsinde pa mtengo, nathamangira ku bwalo. Poŵeruka ankasamba mapazi pa mpopi, navalanso, nauyamba ulendo wa kwawo.

Nsapato zakale zija zidakhala pamwamba pa kabati mpaka Khirisimasi, pamene mayi ake adabwera kudzacheza ndi ana aang'ono aja. Zidamkwana mng'ono wake. Pompatsa, mkulu wakeyo adamuuza kuti tsiku limene zidzayambe kumthina adzanene msanga, asadzabise.

MAFUNSO

1. Kodi njira ya Potato Path idatchedwa dzina limeneli chifukwa chiyani?
2. Chifukwa chiyani mnyamata uja adalephera kukwera phiri ulendo woyamba?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene agogo adamphunzitsa za kayendedwe kopanda nsapato.
4. Fotokozani mmene njoka za m'mimba zimaloŵera m'thupi podzera ku phazi.
5. Tchulani malo anayi amene munthu ayenera kuvala nsapato popitako.
6. Kodi nkhani ya Abebe Bikila idawaphunzitsa chiyani anyamata aŵiriwo?
7. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti "Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha."